Cikho Cinafika Mocedwa ku Brooklyn

Mlungu uno danga lathu la zamasewera liwoloka nyanja kupita ku mzinda wa New York m'dziko la America, ndipo libwerera m'mbuyo kufika caka ca 1955. M'caka cimeneco timu yochedwa Brooklyn Dodgers inatenga cikho ca World Series, comwe ndico cacikulu koposa m'masewera a baseball, itacilephera kasanu ndi kawiri konse. Nkhani za matimu otenga zikho n'zambiri ndipo zimafanana-fanana. Iyi ndi yosiyana kaamba ka zimene zinatsatira. Patangopita zaka ziwiri cabe timu yonse inalongedza katundu nisamukira ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 4,000, ndipo m'caka ca 1960 ngakhale bwalo limene inali kusewererapo linagwetsedwa.

Tisanapite patali tiyeni timvane za masewerawa, popeza ambiri a ife tinakulira mpira wa miyendo. Amene anasewerako rounders kusukulu sadzavutika kwambiri. Timu iri yonse imalowa ndi anthu asanu ndi anai. Bwalo liri ndi ngondya zinai: ija yoyambirapo, imene tidzaicha pakhomo, ndi zina zitatu. Woponya amaima pakati naponya kampira kolimba kwa womenya, amene amadikira pakhomo ndi cibonga, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wowakha. Womenya akaugunda mpira amathamangira ku ngondya yoyamba. Akakhoza kuzungulira ngondya zonse, kaya mwakamodzi kaya mothandizidwa ndi anzace omenya pambuyo pace, nafikanso pakhomo, timu yace yapeza cimodzi, ndipo m'nkhani muno tidzati cigoli. Akaulumphitsa mpanda mpirawo amazungulira mosatekeseka, ndipo imeneyo ndiyo home run. Koma akauphonya katatu, kapena mpira wace ukawakhidwa usanagwe pansi, kapena ukamuyambirira kufika pa ngondya, iye wafa, monga amanenera ana pa masewera ao. Akafa atatu, matimu amasinthana. Zigawo zotere zimakhala zisanu ndi zinai, ndipo palibe koloko yothetsa masewera.

Masiku amenewo kunali maligi awiri, National League ndi American League, iri yonse ya matimu asanu ndi atatu, ndipo timu inali kusewera masewera oposa 150 kuyambira April kufika September. Otsogola a maligi awiriwa ndiwo anali kukumana mu World Series, ndipo woyamba kupambana masewera anai ndiye anali kunyamula cikho.

Brooklyn ndi cigawo ca New York, koma kufikira 1898 unali mzinda paokha, ndipo anthu ace sanaiwale zimenezo. Mu 1950 munali anthu oposa 2,700,000, ambiri a iwo anchito za manja ndi ana a alendo ocokera ku Italy, Ireland, Poland ndi Russia, pamodzi ndi Ayuda ndi anthu akuda. Dzina lakuti Dodgers litanthauza ozemba, kaamba kakuti anthu a kumeneko anali kuzemba sitima za magetsi zoyenda m'misewu pofuna kuwoloka. Bwalo lao, Ebbets Field, linatsegulidwa mu 1913 pakati peni-peni pa nyumba za anthu. Linali laling'ono, lokwana anthu pafupi-fupi 32,000, kotero kuti wosewera anali kumva mau a munthu ali yense womutukwana kapena womucemerera. Osewera ambiri anali kukhala m'misewu yomweyo, kugula m'masitolo omwewo.

Tsoka la timu imeneyi linali lodziwika m'dziko lonse. Inagonja mu World Series mu 1916 ndi 1920. Kenaka inagonja mu 1941, 1947, 1949, 1952 ndi 1953, ndipo kasanu konseko woigonjetsa anali mmodzi yemweyo: New York Yankees, timu yolemera ya kutsidya kwa mtsinje, imene inatenga cikho zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1949 mpaka 1953. Pakati pa zaka zimenezo panalinso mabala ena awiri. Mu 1950 Dodgers inataya ligi pa tsiku lotsiriza leni-leni. Mu 1951 inali patsogolo ndi masewera 13 m'mwezi wa August, koma New York Giants inaipeza, ndipo pa 3 October home run ya Bobby Thomson inathetsa zonse m'cigawo cotsiriza. Anthu a ku Brooklyn anali ndi mau ao amene anali kutonthozana nao caka ndi caka, akuti tidzaonana caka ca mawa. Ojambula zithunzi zoseketsa m'manyuzipepala anali kuionetsa timuyi monga munthu wovala nsanza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu kudekha kwa zaka pafupi-fupi makumi anai kumayesa mtima wa munthu.

Pali cina cimene cinapangitsa timuyi kukhala yoposa timu wamba. Pa 15 April 1947, mkulu wa timu a Branch Rickey analowetsa Jackie Robinson m'bwalo, ndipo iye anakhala munthu wakuda woyamba m'maligi akulu kuyambira pamene tsankho linatseka citseko zaka makumi asanu ndi limodzi m'mbuyomo. Pambuyo pace panabwera wowakha Roy Campanella, woponya Don Newcombe, Jim Gilliam, ndi Sandy Amorós wa ku Cuba. Pa 17 July 1954 asanu onsewa anayamba masewera pamodzi, ndipo kanali koyamba kuti pa anthu asanu ndi anai a timu ya m'maligi akulu, akuda acuruke kuposa azungu. Yankees inadikira zaka zisanu ndi zitatu: wakuda wao woyamba, Elston Howard, analowa mu April 1955. Musaliiwale dzina limeneli, tidzakumana nalo kumapeto.

Pofika 1955 ambiri anali kunena kuti nthawi ya Dodgers yatha. Kaputeni Pee Wee Reese anali kufika zaka 37 ndipo anali ataona ndi maso ace kugonja konse kusanu kwa Yankees. Robinson anali ndi zaka 36, imvi zitayamba ndi miyendo italema. Campanella anali ndi zaka 33 ndipo caka capitaco dzanja linamuvuta kwambiri. Mphunzitsi naye sanali munthu wopatsa cikhulupiriro. A Charlie Dressen, amene anatenga ligi mu 1952 ndi 1953, anapempha pangano la zaka zingapo ndipo mwini timu, a Walter O'Malley, anawatsanzika. M'malo mwao munalowa a Walter Alston, munthu wofatsa wa kumidzi ya ku Ohio, amene pa moyo wao wonse anamenyako kamodzi kokha m'maligi akulu, mu 1936, ndipo pamenepo anafa osafika ndi pa ngondya yoyamba. Caka cao coyamba, 1954, timu inatsiriza yaciwiri. Osewera akale, makamaka Robinson, sanabise kuti sanali kuwakhulupirira.

Tsono masewera atayamba, nkhalambazo zinacita zimene palibe anayembekezera. Zinapambana masewera khumi oyamba motsatizana, ndipo pa masewera 24 oyamba zinapambana 22. Ligi inatha pamenepo, ngakhale kunali kukali miyezi inai. Pa 8 September panalibenso timu yokhoza kuwapeza, ndipo anatsiriza atapambana 98 nagonja 55, pamene aciwiri ao, Milwaukee Braves, anapambana 85. Duke Snider anamenya ma home run 42. Campanella anamenya 32 nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, kacitatu pa moyo wace. Newcombe, amene m'mwezi wa May anaimitsidwa kwa kanthawi kaamba kokana kuponyera anzace pa maphunziro, anabwerako ali ndi ukali: anapambana masewera 20 nagonja 5, ndipo iye mwini, ngakhale anali woponya, anamenya ma home run 7. Robinson yekha ndiye anali ndi caka coipa kuposa zonse za moyo wace, ndipo masiku ambiri anakhala pa benci. Pa benci yomweyo panali mnyamata wa zaka 19 wobadwira mu Brooklyn momwemo, dzina lace Sandy Koufax, amene sanaponye ndi kamodzi komwe mu World Series ya caka cimeneco. Kuchuka kwace konse anakakupezera ku Los Angeles.

Kutenga ligi sikunasangalatse anthu kweni-kweni, pakuti anali atazolowera. Funso linali lomwe lija: nanga Yankees?

Masewera awiri oyamba anacitikira ku Yankee Stadium, ndipo Dodgers inagonja onse awiri, 6-5 ndi 4-2. Cokumbukika pa masewera oyambawo ndi ca Robinson. Ali pa ngondya yacitatu m'cigawo ca cisanu ndi citatu, timu yace iri kumbuyo, sanadikire kuti mnzace amenye. Anangoliyatsa liwiro woponya akali kukonzeka, natsetsereka pakhomo. Woweruza anati cigoli, ndipo wowakha wa Yankees, Yogi Berra, anadumpha ndi mkwiyo. Berra anamwalira mu 2015 akali kunenetsa kuti anamugwira. Komabe masewerawo anapita kwa Yankees, ndipo m'mbiri yonse panalibe timu imene inagonja masewera awiri oyamba a mpikisano wa masewera asanu ndi awiri nkudzatenganso cikho.

Atabwerera kwao ku Ebbets Field, a Alston anapereka mpira kwa Johnny Podres, mwana wa munthu wa m'migodi ya citsulo ya ku Witherbee, kumpoto kwa New York. Caka cace sicinali cabwino: anapambana 9 nagonja 10, ndipo phewa linali kumuvuta. Tsikulo, 30 September, linali tsiku lace lobadwa, akukwanitsa zaka 23. Anaponya kuyambira poyamba mpaka pomariza ndipo Dodgers inapambana 8-3. Inapambananso 8-5, kenaka 5-3 pamene Snider anamenya ma home run awiri. Koma pobwerera ku Yankee Stadium, Yankees inamwetsa zisanu m'cigawo coyamba comwe nipambana 5-1. Cotero zinali zitatu kwa zitatu, ndipo zonse zinatsalira pa tsiku limodzi, Laciwiri pa 4 October, pamaso pa anthu 62,465 m'bwalo la adani.

Pa tsiku lalikuluro Robinson sanasewere, mwendo unali utamuvuta. Munthu amene anasenza timuyi zaka zisanu ndi zinai, amene anapirira matukwano ndi makalata omuopseza kuti amupha, anaonerera ali khale. Newcombe naye, wopambana masewera 20 uja, sanaponyenso kucokera pa masewera oyamba. Mpira unapatsidwanso kwa Podres.

M'cigawo cacinai Campanella anamenya nafika pa ngondya yaciwiri, ndipo Gil Hodges anamulowetsa. M'cigawo ca cisanu ndi cimodzi Hodges yemweyo anamenya mpira wautali umene, ngakhale unawakhidwa, unapatsa Reese mpata wothamangira pakhomo. Zinali 2-0. Pofuna zigoli zina a Alston anacotsa Don Zimmer, wolonda ngondya yaciwiri, nalowetsa womenya wina, koma sizinaphule kanthu. Tsono pa malo a Zimmer panafunika munthu. Anaitana Gilliam kucokera kutali kumanzere kwa bwalo kumene anali kulonda, ndipo kumanzereko anatumizako Amorós. Kunali kungotseka mpata umene iwo eni anatsegula, ndipo palibe mtolankhani amene anakuona ngati nzeru pa nthawiyo.

Yankees italowa kumenya, Billy Martin anafika pa ngondya yoyamba, Gil McDougald namutsatira, kotero panali anthu awiri pa ngondya popanda wakufa. Womenya anali Berra. Berra anali womenyera kumanzere, ndipo mipira ya munthu wotere kawiri-kawiri imathawira kumanja kwa bwalo, cotero olonda onse, pamodzi ndi Amorós, anasendera cakumanja. Koma mpira unapita kosiyana, m'mwamba, kulunjika ku ngondya ya mpanda wa kumanzere kumene kunalibe munthu. Martin ndi McDougald anathamanga podziwa kuti ugwa pansi, ndipo ukadagwa zikadakhala 2-2. Amorós anathamanga mtunda wonsewo, ndipo atatsala pang'ono kugunda mpanda anatambasula dzanja lamanja nauwakha.

Apa ndipo pagona nkhani. Amorós anali wamanzere, motero golovesi yace inali ku dzanja lamanja, mbali yeni-yeni imene mpira unali kugwera. Gilliam, amene anali pa malo omwewo mphindi zocepa zapitazo, anali kuvala golovesi ku dzanja lamanzere, ndipo akadayenera kupingasa mkono pa thupi kuti aufikire. Ambiri amene anaona amati sakadaupeza. Lamulo limati mpira ukawakhidwa m'mwamba, othamanga ayenera kubwerera kumene acokera. McDougald anali atapitirira kale ngondya yaciwiri. Amorós anatembenuka naponyera Reese, Reese naponyera Hodges pa ngondya yoyamba, ndipo McDougald anafa. M'malo mwa zigoli ziwiri, Yankees inapeza maliro awiri.

Podres sanagwedezekenso. Yankees inagunda mipira yace bwino kasanu ndi katatu tsikulo koma sinamwetse ndi cimodzi comwe. M'cigawo cotsiriza, awiri atafa, womenya anali Elston Howard uja. Anagunda mpira wokwawa pansi kupita kwa Reese, ndipo kaputeni amene anadikira kuyambira 1941 anautola nauponya kwa Hodges. Inali isanakwane 4 koloko madzulo. Ku Brooklyn mabelu a machalichi analira, magalimoto analiza mahutala, amai anaturuka ndi mapoto ndi ziwaya kumenya m'misewu mpaka usiku. Podres anapatsidwa mphoto ya wosewera wopambana mu World Series, ndipo caka cimeneco ndico cinali coyamba kuperekedwa kwa mphotoyo. Wosewera ali yense analandira madola pafupi-fupi 10,000, ndalama zazikulu kwa anthu amene ambiri a iwo nthawi ya cisanu anali kufuna nchito zina kuti adyetse mabanja.

Monga atolankhani, pali kanthu kamodzi kamene kamatikhudza. Nyuzipepala ya Brooklyn yeni-yeni, Brooklyn Eagle, imene inalemba kugonja konse kusanu ndi kuwiri, inali itatsekedwa kuciyambi kwa caka comweco pambuyo pa sitalaka ya anchito. Nkhani ya cipambano anthu anaiwerenga m'manyuzipepala a kutsidya kwa mtsinje.

Amati cakudza siciyimba ng'oma, koma ici cinayimba, ndipo anthu sanafune kumva. M'mwezi wa August 1955, timu iri pamwamba pa ligi, a O'Malley analengeza kuti caka cotsatira masewera asanu ndi awiri a pakhomo adzaseweredwa ku Jersey City, kunja kwa Brooklyn. Linali cenjezo kwa akulu a mzinda. Madandaulo ao sanali abodza. Mu 1947 anthu olipira pa geti anali pafupi-fupi 1,800,000. Mu 1955, caka ca cikho, anangopitirira pang'ono 1,000,000, pamene Braves, imene inasamuka ku Boston kupita ku Milwaukee mu 1953, inaitana oposa 2,000,000 ikutsiriza yaciwiri. Mabanja ambiri anali atacoka mu Brooklyn kukamanga kunja kwa mzinda, ndipo pobwera anafuna malo oimika magalimoto, koma Ebbets Field inali ndi malo a magalimoto pafupi-fupi 700 okha. Ena anayamba kuonerera pa wailesi yakanema ali m'nyumba.

A O'Malley anafuna kumanga bwalo latsopano ndi ndalama zao pamphambano ya misewu ya Atlantic ndi Flatbush, pafupi ndi sitesheni ya sitima, koma anafuna kuti mzinda uwathandize kupeza malowo mwa mphamvu ya boma. A Robert Moses, amene anali ndi ulamuliro pa zomanga-manga za New York, anakana, nalonjeza malo ena ku Flushing Meadows m'cigawo ca Queens. A O'Malley anakana, ponena kuti ku Queens si ku Brooklyn. Kufikira lero anthu amatsutsana kuti wolakwa ndani pakati pa akulu awiriwa. Ife tiona motere: onse awiri anali ouma mutu, koma mmodzi yekha ndiye anapindula. Dodgers sinali timu yosauka. Pa zaka zimenezo inali imodzi ya matimu opanga phindu koposa m'maligi onse awiri. Munthu amene anati Queens n'kutali, mtunda wa makilomita ocepa, ndiye yemwe anaona kuti Los Angeles n'pafupi atalonjezedwa maekala 300. Ndipo pa mkangano wonsewo anthu ogula matikiti sanafunsidwe, ngakhale osewera amene, pakuti lamulo la masiku amenewo linali kumanga wosewera ku timu yace kufikira mwini atamugulitsa kapena kumutaya.

Zotsala zinayenda msanga. Mu 1956 Dodgers inatenganso ligi nigonjanso kwa Yankees m'masewera asanu ndi awiri. Mu December caka comweco Robinson anagulitsidwa kwa Giants, adani akale aja, ndipo iye anasankha kuleka masewera. Pa 24 September 1957 kunacitika masewera otsiriza pa Ebbets Field, ndipo anabwera anthu 6,702 cabe. Mu January 1958 galimoto ya Campanella inaterereka pa msewu wa madzi oundana, iye nathyoka khosi, ndipo sanayendenso. Mu April timu inasewera koyamba ku Los Angeles pamaso pa anthu oposa 78,000, ndipo mu 1959 inatenga cikho cina, a Alston omwewo akuitsogolera. Anakhala pa udindo zaka 23, caka ciri conse pa pangano la caka cimodzi. Malo a bwalo latsopano, Chavez Ravine, anali mudzi wa mabanja ocokera ku Mexico. Ambiri anali atasamutsidwa kale polonjezedwa nyumba za boma zimene sizinamangidwe, ndipo otsala anaturutsidwa ndi apolisi mu May 1959. Amorós anabwerera ku Cuba, kumene cuma cace cinalandidwa pambuyo pa kusintha kwa boma, ndipo anamwalira ali wosauka ku Miami mu 1992.

Pa malo aja a Flushing Meadows panamangidwa bwalo la timu yatsopano, New York Mets, mu 1964. Pa mphambano ya Atlantic ndi Flatbush, pamene a Moses anakaniza, panatsegulidwa nyumba yaikulu ya basketball mu 2012. Ebbets Field inayamba kugwetsedwa pa 23 February 1960, ndipo pa malo ace pali nyumba zazitali zogonamo anthu. Tsiku logwetsalo kunabwera kagulu kocepa ka anthu ndi osewera akale owerengeka. Campanella anabwera pa njinga ya olemala, ndipo anamupatsa dothi la pamalo pamene anali kunjuta. Cimpira cacitsulo cogumulira zipupa anacipaka utoto woyera ndi mizere yofiira, kuti cioneke ngati mpira wa baseball.